Kompyuta yafera pakati pa apudeti, akonze ndani nanga alipire ndani?

Funso lafika kuchokera kwa mayi ena amene ali ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa pa Chitakale. Mwachidule nkhani yawo ili motere. Kompyuta yawo ndi ya bokosi ija yokhala pa tebulo, anaigula yogwirapo kale ntchito pa shopu ina ku Limbe miyezi inayi yapitayo, anawapatsa walanti ya miyezi isanu ndi umodzi. Pali mnyamata amene amamulipira mwezi ndi mwezi kuti aziyang'anira kompyutayo pamodzi ndi pulinta. Lachisanu masana mnyamatayo anayambitsa apudeti ya Windows iye n'kuchoka, apudeti ili mkati magetsi anathima, ndiye chibwerereni magetsi kompyuta ikungozungulitsa timadontho toyera tija osalowa. Mnyamata akuti vuto ndi la opanga pulogalamu, amulipire padera aifomate. A ku Limbe pa foni akuti walanti sikhudza za sofutiweya. Mkatimo muli ma CV a makasitomala, mayeso a sukulu ina amene anali atatayipa kale, ndi buku la ngongole. Akufunsa kuti wolakwa ndani, alipire ndani, komanso ngati kuli bwino kungotsekeratu maapudetiwa.

Mayi pepani kwambiri, zimapweteka shopu kukhala yotsegula makasitomala n'kumabwerera pakhomo, aphunzitsinso akudikira mayeso awo. Koma tisanafike pa zoti alipire ndani, chonde chonde musalole munthu aliyense afomate kompyutayo, kaya ndi mnyamata wanuyo kaya a ku Limbe. Nthawi zambiri apudeti ikafera panjira chimene chimawonongeka ndi Windows yokha, mafayilo anu amakhala adakali pa disikipo ali bwinobwino, kungoti mulibe powafikira. Kufomata ndi kumene kungawaphe. Anyamata ambiri amathamangira kufomata chifukwa ndi ntchito yozolowereka, ola limodzi yatha ndalama m'thumba, pomwe kufufuza chimene chavuta kumadya tsiku lonse. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu, Windows imapezeka paliponse koma buku lanu la ngongole kulibe kwina kumene mungakalipeze.

Ndiye choyamba ndi kutulutsa mafayilowo, ndipo apa samalani. Suzumirani kumbuyo kapena m'mbali mwa bokosi la kompyutayo, mwina mupeza kasitika kakang'ono komatidwa pa sikuluwu kapena polumikizira chivundikiro, kali ndi deti yolembedwa ndi bolopeni. Kasitikako kakang'ambika a ku Limbe apeza pothawira, adzati mwatsegula nokha walanti yathera pomwepo. Choncho zozula disiki n'kukailumikiza pa kompyuta ina, ngakhale imeneyo ndi njira yabwino, kwa inu ikhale yomalizira. Njira yosang'amba kanthu ndi kuyatsa kompyutayo kudzera pa fulashi imene muli Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kaya ya mtundu wa Ubuntu kaya Linux Mint, imadzukira pa fulashi pomwepo osalemba kanthu pa disiki yanu, munthu amangotsegula foda ya Users n'kukopa Documents, Desktop ndi Downloads kuika pa disiki yakunja kapena fulashi ina yaikulu. Aliyense amene amadya ndalama za anthu m'dzina lokonza makompyuta ayenera kukhala nayo fulashi yotereyi, ngati mnyamata wanu alibe apite akabwereke kwa anzake pa boma kapena pa Luchenza. Akakopa musangomva zoti "ndatenga zonse mayi", tsegulani nokha pa kompyuta ina mayeso aja ndi buku lija muone ndi maso anu kuti zikutseguka.

Chimene chingakupingeni pamenepa ndi BitLocker, loko amene Windows imatha kuika pa disiki. Ngati lokoyo alipo, Linux iiona disikiyo koma siiwerenga popanda kiyi ya manambala 48, ndipo pa makompyuta a anthu wamba kiyiyo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa poika Windows. Funsani lero lomwe, mnyamatayo komanso a ku Limbe, kuti akauntiyo ndi ya ndani ndipo pasiwedi yake ali nayo ndani. Ikapezeka kuti ndi ya munthu wina, zimenezo mudzazikonze mukangodutsa pa vutoli, kompyuta ya bizinesi yanu isamakhale pa imelo ya munthu amene mawa akhoza kupita ku Joni.

Mafayilo akatuluka, ndiye tiyese kuidzutsa Windows. Zulani pulinta, sikana ndi mafulashi onse, mutsale ndi kiyibodi, mausi ndi sikirini basi. Yatsani, kenako yang'anitsitsani kanyali ka disiki kutsogolo kwa bokosi. Kakamaphethiraphethira ndiye kuti ikugwira ntchito mkatimo, isiyeni, disiki zakale zozungulira zija zimatha kutenga maola awiri kapena atatu, ndipo mukaona mawu akuti Undoing changes made to your computer musaikhudze n'komwe, ikudzibweza yokha mmene inalili. Anthu ambiri amaononga apa, amatopa kudikira n'kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsanso, bala n'kumakula. Koma ngati padutsa maola kanyali kali zii kapena kangoyaka osasintha, dinikizani batani loyatsira mpaka izime, yatsaninso, chizindikiro cha Windows chikangooneka zimitsaninso chimodzimodzi. Mukatero kawiri kapena katatu imalowa yokha mu Automatic Repair. Pamenepo mupite pa Advanced options, Troubleshoot, Advanced options kachiwiri, mupeza Uninstall Updates. Yambani ndi latest quality update, ikakana muyese latest feature update. Zikakanika pali System Restore, yobwezera Windows mmene inalili tsiku lina m'mbuyo, ndi Startup Repair pa malo omwewo. Reset this PC yosankha Keep my files ibwere kumapeto, imasiya mafayilo koma imachotsa mapulogalamu onse kuphatikizapo Word ndi dalaivala wa pulinta. Zonsezi sizifuna sipeya aliyense, ndi nthawi yokha ndi kuleza mtima.

Pamene ikuyesa kudzuka ikani khutu pa bokosilo. Mukamva kulira kobwerezabwereza, tiki tiki tiki, kenako kukhala ngati yazima n'kuyambiranso, zimitsani nthawi yomweyo, imeneyo ndi disiki ikufa ndipo mphindi iliyonse imene ili yoyaka ikuluza mafayilo. Ikadzuka bwino, mnyamatayo aikepo kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kamawerenga zimene disiki imalemba za thanzi lake n'kuonetsa Good, Caution kapena Bad. Chimene chituluke mujambule ndi foni yanu. Chithunzi chimenecho chikuthandizani kwambiri pa nkhani yoti alipire ndani, chifukwa apudeti imalemba zinthu zambiri pa disiki nthawi imodzi, ndiye disiki imene inali itatopa kale imakonda kugwera pamenepo, anthu n'kumati apudeti yaononga pomwe matenda analipo kale.

Tsopano tibwere pa mawu a mnyamata aja oti vuto ndi la opanga pulogalamu. Sikuti sizichitika ayi, zimachitika ndithu ndipo zikachitika dziko lonse limalira. Mu Okutobala 2018 Microsoft inatulutsa Windows 10 ya nambala 1809, kwa anthu ena inafufuta mafayilo a mu Documents, patangopita masiku ochepa anaichotsa n'kudzaibweretsanso mu Novembala. Mu Malichi 2021, imeneyi ikukhudzani inu a mapulinta, apudeti ina inkachititsa kuti munthu akangodina print pa mapulinta ena monga a Kyocera sikirini isanduke ya buluu kompyuta n'kuzima, mpaka Microsoft inatulutsa apudeti ina yapadera yokonza. Koma chizindikiro cha apudeti yoipa n'choti imavuta ngakhale magetsi ali bwinobwino, ndipo imavuta kwa anthu ambiri mofanana. Apudeti iliyonse ili ndi nambala yake yoyamba ndi KB, ndipo Microsoft ili ndi tsamba lotchedwa Windows release health pamene imalembapo mavuto odziwika. Ngati mnyamatayo akutsimikiza kuti apudeti ndi imene inali yoipa, akuonetseni nambala ya KB ndi pamene palembedwa vutolo. Kwa inu chimene tikudziwa n'choti magetsi anathima Windows ili pakati posintha mafayilo ake, theka atsopano theka akale, ndipo pa sikirini pamakhala polembedwa kale kuti musazimitse kompyuta.

Komanso tinene kuti mwina akunena zoona, apudeti inalidi yoipa. Taonani zimene zinachitika pa 19 Julayi 2024. Kampani yoteteza makompyuta ya ku America yotchedwa CrowdStrike inatumiza kafayilo kolakwika, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi chiwerengero cha Microsoft anagwa pa sikirini ya buluu, mabwalo a ndege, mabanki, zipatala, zonse kusokonekera. Kampaniyo inavomera kulakwa, ndipo kafayilo koipako inakachotsa pasanathe ola limodzi ndi theka. Koma makompyuta ambiri amene anali atagwa kale sanadzuke okha, panafunika munthu apite pa iliyonse, ailowetse mu Safe Mode, njira yodzutsa Windows ndi zofunikira zokha, afufute kafayiloko ndi manja, ndipo amene anali ndi BitLocker anayamba kaye asakasaka kiyi ija ya manambala 48. Amene anagona m'maofesi usiku ndi usana anali anyamata ndi atsikana a IT olembedwa ntchito ndi makampani eni makompyutawo. Delta Air Lines inaimitsa maulendo a ndege pafupifupi 7,000, inati yaluza madola 500 miliyoni, ndipo kuti ifune chipukuta misozi inachita kukasuma ku khoti mu Okutobala chaka chomwecho, kampani yokhala ndi maloya ake. Ndiye wopanga pulogalamu udindo wake umathera pokonza pulogalamu yakeyo n'kutumiza yabwino. Mgwirizano uja timangodina Accept osawerenga umanena kuti zikavuta simungawalipiritse kuposa ndalama imene munagulira pulogalamuyo, ndipo Windows ikabwera kale mu kompyuta amati thandizo mukalifune kwa wopanga kompyutayo. Palibe munthu amene achoke ku likulu la Microsoft ku Redmond kubwera pa Chitakale. Wodzutsa kompyuta ndi amene ali nayo pafupi, amene amalandira ndalama kuti iziyenda.

N'chifukwa chake ine maganizo anga ndi akuti ntchito yoidzutsa kompyutayi ndi ya mnyamata wanuyo, ndipo simukuyenera kumulipira padera. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ija mumaperekera tsiku ngati limeneli, osati kungopukuta fumbi ndi kuthira tona. Magetsi sanathimitse ndi iye, zoona, koma aliyense wokhala ku Mulanje kuno amadziwa kuti magetsi amathima osatsanzika. Mmisiri akasasula malata pa nyumba imene anthu akugonamo, mitambo yakuda ili tsinde pa phiri, iye n'kupita kwawo osasiya ngakhale pepala lofunditsa, mvula ikalowa sitinena kuti wolakwa ndi wopanga malata. Iye anayambitsa apudeti pa kompyuta yopanda UPS, kabokosi ka batire kogwiriziza kompyuta magetsi akathima, nthawi ya ntchito, asanakope mafayilo, n'kuchoka isanathe. Zinthu zinayi zimenezi zonse zinali m'manja mwake, ndipo pa zinayizi chimene chikundikhudza kwambiri ndi kusakopa mafayilo, chifukwa chikanangotenga mphindi zochepa.

Koma ndikufunseni inunso mayi, ndipo mudziyankhe moona mumtima. Kodi mnyamatayu anayamba wakuuzanipo kuti mugule UPS inu n'kunena kuti mwezi wamawa? Anayamba wapemphapo disiki yosungira mafayilo inu n'kuona ngati akufuna kukudyerani? Ngati zinatero, mlanduwu mugawane, iye agwire ntchito ulere inu mugule zipangizo zimene zikufunika, ndiponso mumupatse ya thiransipoti ngati akuyenda kukabwereka zida. Ngati sananenepo chilichonse, ndiye akuyenera kuphunzira pa kompyuta yanuyi. Sindikuti mumuchotse ntchito kapena mumuyalutse pa msika, anyamata odziwa makompyuta kuno ndi ochepa ndipo ambiri anaphunzira okha poonera anzawo, palibe anawauza kuti kukopa mafayilo kumayamba. Muitaneni mukhale pansi, mumuuze kuti achimwene, apudeti munayambitsa ndinu, ndikufuna mafayilo anga kaye, kenako muyese njira izi, zofomata tikambe zonse zikakanika. Akakana zimenezo ndiye mwadziwa munthu amene mukugwira naye ntchito.

Zikatha izi, tengani kope lija mumalembamo za fotokope, pa tsamba lomaliza mulembe zimene ndalama ya pamwezi ikuphatikiza: ndani amayambitsa apudeti, tsiku liti, mafayilo akopedwa kaye kuti, zikavuta akonza ndani ndipo mwa masiku angati, sipeya agula ndani. Musayine nonse awiri. Anthu amaona ngati kulemberana ndi kusakhulupirirana, koma mikangano yambiri imene ndimaimva ya mashopu ngati yanuyi imachokera poti wina ankaganiza kuti "kuyang'anira kompyuta" ndi zonse, winayo ankaganiza kuti ndi kubwera kamodzi pa mwezi.

A ku Limbe nawo asathawe msanga. N'zoona kuti walanti ya shopu kawirikawiri imakhala ya zitsulo, ndipo Windows itawonongeka chifukwa cha kuthima kwa magetsi iwo sizikuwakhudza. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimabwerera kwa iwo. Ngati disiki ikulira tiki tiki kapena CrystalDiskInfo yaonetsa Caution kapena Bad, chimenecho ndi chitsulo, miyezi isanu ndi umodzi sinathe, akupatseni disiki ina. Kapulogalamu komweko kamaonetsanso maola amene disikiyo yakhala ikuyaka chipangidwire, ndiye munthu sanganame kuti anakuikirani yatsopano. Chinacho ndi Windows imene anaikamo iwowo. Makompyuta ambiri ogwirapo kale ntchito amabwera ndi Windows yothyoledwa, kapena Windows 11 yokakamizidwa pa makina akale amene alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi pulosesa yovomerezeka, ndipo Microsoft inanena poyera kuti makina otere siikuwatsimikizira maapudeti. Windows yokakamiza chonchi imatha kuyenda miyezi ingapo bwinobwino n'kudzavuta pa apudeti yaikulu. Ngati anakugulitsani ponena kuti ili ndi Windows yeniyeni pomwe si choncho, sanganene kuti za sofutiweya sizikuwakhudza, anaikamo ndi iwo ndipo munalipira mukukhulupirira mawu awo.

Pa foni simuphula kanthu, mupite nokha, lisiti lili m'manja, chithunzi chija chili mu foni, kasitika kali kosang'ambika. Kaya mudzera msewu wa Midima kaya wa ku Thyolo, bokosilo muliike pamiyendo, musalole kondakitala aliponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a nanazi, disiki yozungulira simalimba ku mabampu. Mukafika alembe pa pepala kuti alandira kompyuta tsiku lakuti, vuto lake ili, ndipo muwauze momveka kuti asafomate musanavomereze. Akakanitsitsa kusintha chitsulo chofa walanti isanathe, kuli bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula, ndipo malamulo a dziko lino, monga Consumer Protection Act ya 2003, salola wogulitsa kudzichotsa pa udindo wa katundu wowonongeka pongopachika chikwangwani choti katundu ukagula sabwezedwa. Amafuna umboni, ndiye lisiti, pepala la walanti ndi mameseji a pa WhatsApp musafufute. Kawirikawiri wogulitsa akaona kuti mwasunga zonse ndipo mukudziwa kokadandaula, nkhani imathera pa kauntala pomwepo.

Gawo lanu ndi mafayilo, ndipo limeneli simungalipereke kwa munthu. Shopu ikakusinthirani disiki idzakupatsani yopanda kanthu, sidzakubwezerani mayeso. Ndiye kuyambira pano madzulo aliwonse musanatseke kopani ntchito za tsikulo pa fulashi imene simalowa mu kompyuta ya wina aliyense, mupite nayo kunyumba, ndipo buku la ngongole ndi kafayilo kakang'ono, kamakwana pa Google Drive kapena kungodzitumizira pa imelo osadya bandulo yooneka. UPS nayo mugule, ngakhale yaing'ono. Siyoti muzigwirira ntchito magetsi kulibe, ndi yongopatsa kompyuta mphindi zochepa kuti muizimitse bwino kapena kuti idutse pa kuthima kwa kanthawi kuja magetsi amangophethira. Mulumikizepo bokosi ndi sikirini zokha, fotokope ndi pulinta ya leza zimakoka moto wambiri zingaiphe. Batire yake imatopa pakapita zaka, muziiyesa nthawi ndi nthawi pozula pulagi kukhoma muone ngati ikugwirabe.

Zotsekeratu maapudeti ayi mayi, musatero, makamaka inu amene tsiku lililonse mumalandira mafulashi a anthu osiyanasiyana, ana a sukulu, aphunzitsi, a m'maesiteti a tiyi, aliyense ndi mavayirasi ake. Microsoft Defender imene imagwira vayirasi ija yosandutsa mafoda kukhala mashotikati imadalira maapudeti omwewa kuti izindikire zatsopano. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka makompyuta m'maiko pafupifupi 150, zipatala za boma za NHS ku England zinabweza odwala, pomwe Microsoft inali itatulutsa kale chotseka bowo limenelo mu Malichi, amene anagwidwa ndi amene sanaike. Chofunika si kutseka, ndi kusankha nokha nthawi. Microsoft imatulutsa maapudeti ake akuluakulu Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Mu Settings, pa Windows Update, pali Pause updates imene imaimitsa mpaka masabata asanu, ndiye mukhoza kudikira sabata imodzi kapena ziwiri, ngati apudetiyo ili ndi vuto likhala litamveka kale kwa ena. Ngati intaneti mumatenga pa hotisipoti ya foni, ya Airtel kapena TNM, ikani netiwekiyo pa Metered connection kuti isamadzikokere yokha zinthu zikuluzikulu bandulo n'kuthera pakati. Tsiku loika likhale lopanda ntchito ya changu, m'mawa osati masana a dzinja pamene ziphaliwali zayamba kung'anima ku phiri, mafayilo akopedwa, pa disiki pali malo okwanira, UPS ili yodzaza, ndipo woyambitsayo akhale pompo mpaka kompyuta idzuke n'kupulinta tsamba limodzi loyesera. Muuzeninso ayatse System Protection, pa makompyuta ambiri imakhala yozimitsa, ndipo popanda iyo System Restore ija ndatchula ilibe pobwerera. Ikakhala apudeti yaikulu yosintha nambala ya Windows, muli ndi masiku 10 okha obwerera ku yakale pa Go back, ndiye m'masiku amenewo yesani pulinta, sikana ndi chilichonse mumagwiritsa ntchito.

Onaninso kuti ndi Windows yanji ilimo. Windows 10 Microsoft inasiya kuipatsa maapudeti aulere a nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, kunangotsala ndondomeko ya ESU yopitiriza maapudeti a chitetezo kwa kanthawi kwa anthu wamba olembetsa. Ngati kompyuta yanu ili ya Windows 10 ndipo siingalandire 11 mwa njira yoyenera, ikhoza kupitiriza kutayipa ndi kupulinta, koma yambani kuika kangachepe pambali, ndipo pogula ina funso loyamba kwa wogulitsa likhale loti kodi ikulandira Windows 11 popanda kuikakamiza, alembe yankho lake pa lisiti.

Poti makasitomala anu adzakufunsani za mafoni, nkhani yake ndi yomweyi. Apudeti ya foni iyambike batire itapitirira theka kapena ili pa chaja, malo alipo, netiweki ili yokhazikika. Ikaima pa chizindikiro cha kampani, munthu asathamangire kokafulasha pa msika asanaganize za zithunzi ndi WhatsApp yake, kufulasha kumasesa zonse, ndipo ikadzuka imafuna akaunti ya Google ndi pasiwedi zimene zinalimo kale, ambiri amakhala anaiwala kapena anawatsegulira ndi wina. Foni ikadali pa walanti ipite kaye kumene inagulidwa kapena kwa okonza ovomerezeka a kampaniyo, a Tecno, itel ndi Infinix amatchedwa Carlcare, chifukwa apudeti yochokera kwa wopanga foni ikaipha munthu asanaigwiregwire, imeneyo ndi nkhani ya walanti. Ikangodutsa m'manja mwa wofulasha, mwayi umenewo umachepa kwambiri.

Za mayeso aja, aimbireni aphunzitsi aakulu lero, musadikire kuti abwere okha adzapeze kompyuta ikuzungulitsa timadontho. Auzeni zimene zachitika ndi tsiku limene mukuyembekeza kutulutsa mafayilo, afunseninso ngati mapepala olemba pamanja aja adakali nawo kapena ali kwa inu, muwasunge pouma. Fulashi ya Linux ija ikagwira ntchito, mayesowo mukhoza kukawapulinta pa kompyuta ya mnzanu mawa lomwe, yanuyo isanadzuke n'komwe. Pokopa, mnyamatayo akhale pa mpando inu muli chiimire pambali pake, mayeso a sukulu ndi ma CV a anthu asapite nawo kunyumba kwake pa fulashi yake.